Ndani ali ndi ufulu wofufuta fayilo ya WAL?

Disiki ya seva ikadzaza, woyang'anira database amayamba kusakasaka choti ataye. Akalemba `du`, lamulo loonetsa malo amene foda iliyonse yadya, amapeza kuti foda imodzi yadya malo kuposa zina zonse pamodzi, ndipo m'katimo muli mafayilo mazanamazana a mayina ataliatali a manambala ndi zilembo, iliyonse ya 16 MB. Amenewa ndi mafayilo a WAL (write-ahead log), mmene database imayamba yalemba kusintha kulikonse isanakulembe m'mafayilo a deta. Pulogalamu yaima, foni ikungolira, dzanja limathamangira ku `rm`, lamulo lofufutira mafayilo. Pa njira zonse zotayira deta mu PostgreSQL, iyi ndi imene imandipweteka kwambiri, chifukwa kufikira mphindi imeneyo palibe chomwe chatayika. Database ikasowa malo olembapo WAL imadzizimitsa yokha ndi uthenga wa PANIC. Deta imakhala ili bwinobwino, ikungodikira malo. Amene amaiwononga ndi uja wabwera kudzathandiza.

Zimenezi zinachitikira anthu ambiri moti potulutsa PostgreSQL 10 m'chaka cha 2017, opanga ake anasintha dzina la foda ija kuchoka pa `pg_xlog` kukhala `pg_wal`, komanso `pg_clog` kukhala `pg_xact`. Poona mawu akuti "log" m'mayinawo, anthu ankaziyesa zolemba za mauthenga akale zomwe munthu angathe kusesa nthawi iliyonse. Kusinthako kunathandiza, koma chomwe chimateteza deta n'kumvetsa ntchito ya mafayilowa.

Deta ya m'matebulo imasungidwa m'masamba, ndipo mu PostgreSQL tsamba lililonse ndi la 8 kB. Mukasintha mzere umodzi, database sithamangira kukalemba tsambalo pa disiki. Imalisintha mu memory n'kulisiya momwemo, chifukwa transaction imodzi, gulu la zosintha zimene zimayenera kutheka zonse pamodzi kapena kulephera zonse, ingakhudze masamba omwazikana m'mafayilo angapo, ndipo kuwalemba onse nthawi iliyonse kungachedwetse ntchito kwambiri. Chimene imalemba nthawi yomweyo ndi chidule cha kusinthako, kumapeto kwa fayilo ya WAL, motsatizana. Zili ngati wowerengera ndalama amene amalemba kaye chilichonse m'kope mwa ndondomeko yake, n'kudzasamutsira m'buku lalikulu akapeza mpata. Kope likatayika asanasamutse, buku lalikulu limaoneka laudongo ndithu, koma limanena bodza.

Lamulo lake ndi limodzi: tsamba la deta lisafike pa disiki zolemba zake za WAL zisanafike. Ndipo database isauze pulogalamu kuti `COMMIT`, lamulo lomaliza transaction, yatheka WAL ya transaction imeneyo isanakhazikike pa disiki. Magetsi akazima, database podzuka imawerenga WAL kuyambira pa checkpoint yomaliza n'kubwereza zonse zomwe masamba sanalandire. Mfundo zimenezi zinalongosoledwa bwino mu ndondomeko ya ARIES imene C. Mohan ndi anzake a ku IBM anasindikiza m'chaka cha 1992, ndipo PostgreSQL inayamba kugwiritsa ntchito WAL mu 7.1, m'chaka cha 2001. Checkpoint ndi nthawi imene database imakankhira masamba onse osinthidwa pa disiki. Mu PostgreSQL, mukapanda kusintha kanthu, imachitika pakatha mphindi 5 zilizonse kapena WAL ikayandikira 1 GB. Checkpoint ikatha bwino, WAL ya m'mbuyo mwake siyofunikanso pa kudzuka, ndipo database imaifufuta kapena kuigwiritsanso ntchito.

Ndiye nkhani yonse yagona pa mayankho awiri. Loyamba ndi lakuti "ndalemba". Lachiwiri ndi lakuti "fayilo iyi yatha ntchito". Deta imasowa pamene wina wapereka limodzi la mayankho amenewa nthawi yake isanakwane, ndipo opereka mayankho abodzawo alipo ambiri: disiki, kernel, kasikiriputi kolembedwa mwachangu, ndi munthu.

Tiyambe ndi disiki. Pulogalamu ikaitana `write()`, deta imangofika mu memory ya kernel, phata la operating system limene limalankhula ndi disiki. Kuti ifike pa disiki pamafunika `fsync()`. Koma disiki nayo ili ndi memory yakeyake, ndipo zipangizo zina zimayankha kuti zalemba pamene deta ili m'menemo. Magetsi akazima nthawi imeneyo, zomwe database inalonjeza kasitomala zapita. Masamu ake ndi osavuta pa disiki yozungulira: ya liwiro la 7,200 pa mphindi imazungulira ka 120 pa sekondi. Ngati `pg_test_fsync`, chida choyezera liwiro la fsync, ikukuonetsani masauzande a fsync pa sekondi pa disiki yotereyi, ndipo palibe kontirola ya RAID yokhala ndi batire, pali chipangizo chimene chikunama. Ma SSD opangidwira maseva amakhala ndi makapasita osunga mphamvu yokwanira kumaliza kulemba magetsi akathima, koma otchipa ambiri alibe. Batire la kontirola nalo limafa ndi ukalamba, ndipo ndi anthu ochepa amene amakumbukira kulifufuza. Pa macOS, `fsync()` wamba sauza disiki kuti ikhuthule memory yake, pamafunika `F_FULLFSYNC`. Palinso kanthu kena kamene olemba mapulogalamu amaiwala kawirikawiri: mukapanga fayilo yatsopano kapena kuisintha dzina, muyenera kuchita fsync pa foda yomwe fayiloyo ilimo, apo ayi fayilo yolembedwa bwinobwino ingathe kusowa dzina lomwe.

Magetsi angathenso kuzima tsamba la 8 kB litalembedwa theka, poti disiki imalemba m'zidutswa za 4 kB kapena mabayiti 512. Tsamba lotere ndi theka lakale theka latsopano, ndipo chidule cha kusintha sichingalikonze. N'chifukwa chake PostgreSQL imalemba tsamba lonse mu WAL nthawi yoyamba imene lasinthidwa pambuyo pa checkpoint. Imeneyi ndi ntchito ya `full_page_writes`. InnoDB ya MySQL imathana ndi vuto lomweli ndi doublewrite buffer. Zonse ziwiri zimadya malo ndi nthawi, choncho zimakopa anthu ofuna liwiro kuti azizimitse. Musatero pokhapokha mukudziwa motsimikiza kuti filesystem yanu singang'ambe tsamba.

Nkhani ya kernel ndiyo yophunzitsa kwambiri, chifukwa palibe amene anachita ulesi. M'mwezi wa March 2018, Craig Ringer anauza opanga PostgreSQL anzake za deta imene inawonongeka popanda chenjezo. Zinapezeka kuti pa Linux, kernel ikalephera kulemba masamba pa disiki, imanena vutolo kamodzi kudzera mu `fsync()`, kenako n'kuwatenga masambawo ngati olembedwa kale. PostgreSQL inkachita zomwe aliyense angaganize kuti n'zanzeru: fsync ikalephera, checkpoint yalephera, tidzayesanso. Poyesanso, kernel inalibe masamba odikira kulembedwa, ndiye inkayankha kuti zonse zili bwino. Checkpoint inkatha, WAL yakale n'kufufutidwa, pamene masamba aja sanafike pa disiki. Onani mmene bodza limodzi linaberekera linzake: "ndalemba" wabodza anabala "fayilo iyi yatha ntchito" wabodza, ndipo chinthu chokhacho chimene chikanakonza zinthu chinatayidwa ndi database yeniyeniyo. Makonzedwe ake, amene anafika kwa anthu kumayambiriro kwa 2019, amaoneka ankhanza: fsync ikalephera kamodzi kokha, PostgreSQL imagwa ndi PANIC, n'kudzuka powerenga WAL kuchokera pa checkpoint yomaliza yodalirika. Ine ndimaona kuti n'zolondola. Database yogwa imadzutsa munthu usiku. Database yopitiriza ntchito itataya masamba imadzadziwika patapita miyezi, ma backup onse atatengera kale kuwonongekako.

Pa zosintha za liwiro sindichedwapo, koma pali ziwiri zimene anthu amazisokoneza ngakhale kuti n'zosiyana kutalitali. Mukaika `synchronous_commit = off`, PostgreSQL imayankha kasitomala isanadikire disiki. Seva ikagwa mungataye ma transaction omalizira, osapitirira katatu nthawi ya `wal_writer_delay`, imene imakhala mamilisekondi 200 mukapanda kuisintha. Database imadzuka yolongosoka, yangoiwala zomalizirazo. Mungathenso kuchita zimenezi pa transaction imodzi yokha, mwachitsanzo polemba chiwerengero cha anthu oona tsamba la pa intaneti, n'kusiya malipiro ali otetezedwa. Koma `fsync = off` imaphwanya lamulo lenileni lija. Masamba angafike pa disiki WAL yawo isanafike, ndipo chotsatira chake chingakhale database yosawerengeka. Ku MySQL, `innodb_flush_log_at_trx_commit` ikakhala 1 ndiye kuti commit iliyonse ikudikira disiki, ikakhala 0 kapena 2 mwavomera kuti mungataye pafupifupi sekondi imodzi. Kutaya sekondi mwadala si tchimo, bola mwini deta akhale akudziwa, osati asankhiridwe ndi munthu amene ankangofuna kuti graph ioneke bwino.

Nanga n'chiyani chimakulitsa foda ya WAL mpaka kudzaza disiki? `max_wal_size`, imene imaika 1 GB ija, si mpanda, ndi cholinga chabe. Database imasunga fayilo iliyonse imene wina akuifunabe, ndipo kawirikawiri ofunawo ndi awiri. Woyamba ndi `archive_command`: ngati lamulo lokopera WAL kumalo osungira likulephera, mwina chifukwa kiyi yatha nthawi kapena disiki ya kumeneko yadzaza, PostgreSQL imasunga mafayilo onse n'kumayesabe. Wachiwiri ndi replication slot. Ma slot anabwera mu 9.4, m'chaka cha 2014, kuti seva yaikulu isafufute WAL imene replica, seva yachiwiri yotsanzira yaikuluyo, sinalandire. Koma replica ikazimitsidwa n'kuiwalika, kapena chida chowerenga zosintha chikasiya kugwira ntchito, slot imagwirabe WAL mpaka kalekale. PostgreSQL 13 inabweretsa `max_slot_wal_keep_size` yoika malire, koma malirewo sayamba okha, muyenera kuwaika inuyo, ndipo powaika mukuvomera kuti replica yotsalira kwambiri idzafunika kumangidwanso.

Choncho disiki ikadzaza, ntchito ndi kupeza malo osakhudza `pg_wal`. Kulitsani volume, chotsani zolemba za mauthenga zenizeni, kapena samutsani foda yonse ya WAL kupita pa disiki ina database ili yozima n'kuika symlink, cholozera chopita kumalo atsopanowo. Pali chizolowezi chimene ndimachikonda chifukwa sichifuna nzeru pa nthawi ya mantha: kusungiratu fayilo yopanda kanthu ya ma GB angapo pa disiki imeneyo, yoti tsiku la mavuto mudzafufute iyoyo. Database ikadzuka, yang'anani `pg_stat_archiver` ndi `pg_replication_slots`, konzani chimene chaima kapena chotsani slot yakufa, ndipo checkpoint yotsatira idzasesa yokha mafayilo otha ntchito. Musakopeke kusintha `archive_command` kukhala `/bin/true`, lamulo losachita kanthu koma loyankha kuti zatheka, kuti mzere uyende. Malo apezeka ndithu, koma mwauza database kuti mafayilo asungidwa pamene sanasungidwe, ndipo unyolo wa backup waduka pamenepo.

Amene wafufuta kale WAL amakumana ndi database yokana kudzuka, ndipo akafufuza pa intaneti amapeza `pg_resetwal`. Lamuloli limadzutsadi database, koma silibweza kanthu. Limangoiuza kuti iiwale zoti panali ntchito yosamalizidwa. Ma transaction ena amakhala atalembedwa theka, ma index sagwirizana ndi matebulo, ndipo palibe uthenga wokuuzani kuti vuto lili pati. Malangizo a PostgreSQL enieniwo amati ikadzuka chotero muchite dump (kutulutsira deta yonse mu fayilo) nthawi yomweyo, mupange database yatsopano, mulowetsemo detayo, kenako mufufuze zosagwirizana. Musanaliyese n'komwe, koperani foda yonse ya deta mmene ilili n'kuisunga pambali.

Kutaya WAL msanga kuli ndi ngozi yakenso, ndipo chitsanzo chodziwika ndi cha GitLab pa 31 January 2017, chimene kampaniyo inafotokoza yokha poyera. Replica inatsalira m'mbuyo chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, seva yaikulu n'kuchotsa mafayilo a WAL amene replica inali isanalandire. Poti sankasunga WAL kumalo ena, panalibe kokaitenga, ndiye panafunika kufufuta deta ya replica n'kuikoperanso yonse. Pa ntchito imeneyo, injiniya wotopa anafufuta foda ya deta pa seva yaikulu m'malo mwa replica. Atapita ku ma backup anapeza kuti `pg_dump`, chida chochitira dump, yakhala ikulephera mwakachetechete, chifukwa inali ya 9.2 pamene database inali ya 9.6. Chinawapulumutsa ndi snapshot, chithunzi cha disiki yonse, imene inatengedwa pafupifupi maola 6 m'mbuyomo, ndipo zosintha za maola amenewo zinatayika. Anthu amakumbukira `rm` ija, koma ine ndimayang'ana chimene chinaika munthuyo pamalo oti alembe `rm` usiku: WAL imene inachotsedwa wina akuifunabe.

SQLite, database yaing'ono yokhala m'kati mwa pulogalamu popanda seva, ikufunika malo akeake m'nkhaniyi, chifukwa amene amaigwiritsa ntchito ambiri sadziona ngati oyang'anira database. Kuyambira pa 3.7.0, m'chaka cha 2010, SQLite ili ndi WAL, ndipo mukaiyatsa, pambali pa `app.db` pamabwera `app.db-wal` ndi `app.db-shm`. Tonse tinazolowera kuti SQLite ndi fayilo imodzi, ndiye mafayilo awiriwa amaoneka ngati zinyalala. Ya `-shm` ndi index chabe, SQLite imatha kuipanganso. Koma ya `-wal` ili ndi ma transaction omalizidwa kale amene sanalowe mu fayilo yaikulu. SQLite imachita checkpoint yokha WAL ikafika masamba 1,000, pafupifupi 4 MB, komanso kulumikizana komaliza kukatsekedwa bwino. Pa pulogalamu yolemba pang'onopang'ono, masamba 1,000 angakhale ntchito ya masiku ambiri. Mukakopera `app.db` yokha ngati backup pulogalamu ikugwira ntchito, mumapeza fayilo yotseguka bwinobwino, yopanda cholakwika chilichonse, koma yosowa zonse za masiku amenewo.

Msampha womwewu umabwera m'njira zina. Wina amalumikiza fayilo ya `.db` yokha mu container ya Docker m'malo mwa foda yonse, ndiye `-wal` imalembedwa m'kati mwa container, n'kupita nayo limodzi ikachotsedwa. Wina amabwezeretsa `.db` yakale n'kusiya `-wal` yatsopano pambali pake, SQLite n'kuthira masamba a nthawi ina pa database ya nthawi ina. Wina amaiika pa foda ya pa netiweki, pamene WAL ya SQLite imafuna kuti mapulogalamu onse akhale pa kompyuta imodzi chifukwa amagawana memory. Njira zoyenera zilipo ndipo n'zosavuta: lamulo la `.backup` mu `sqlite3`, kapena `VACUUM INTO` imene inabwera mu 3.27.0 m'chaka cha 2019. Zonse ziwiri zimadutsa mu SQLite yeniyeniyo, imene imadziwa zomwe zili mu WAL. Ngati `-wal` ikukula osasiya, kawirikawiri pali transaction yowerenga imene yasiyidwa yotsegula, ndipo checkpoint singamalize wowerengayo akadagwira chithunzi chakale. Tsekani wowerengayo, kenako `PRAGMA wal_checkpoint(TRUNCATE)` ichepetsa fayilo.

Palinso khalidwe la SQLite limene ndi bwino kulidziwa. Tsamba lililonse mu WAL lili ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti silinawonongeke, yodalira masamba a m'mbuyo mwake. Podzuka, SQLite imawerenga mpaka pamene checksum yalephera, n'kutenga commit yomaliza yabwino ngati mapeto. N'zoyenera pamene magetsi anadula kulemba pakati. Koma ngati disiki yawononga tsamba la pakati, zonse za kutsogolo kwake zimasiyidwa popanda chenjezo. Ndipo `synchronous=NORMAL`, imene ambiri amaika limodzi ndi WAL, imateteza database kuti isawonongeke koma siilonjeza kuti commit zomalizira zidzapulumuka magetsi akazima. Pamene pakufunika lonjezo limenelo, ikani `FULL`.

Tibwerere ku malo osungira WAL, chifukwa n'kumene bodza lomaliza limabisala. Kuyambira mu PostgreSQL 8.0, m'chaka cha 2005, munthu angathe kutenga backup yathunthu, kuthirapo WAL yosungidwa, n'kuimitsa pa mphindi imene akufuna, mwachitsanzo sekondi imodzi wina asanalembe `DROP TABLE`. Replica singakuchitireni zimenezi, poti imatsanzira cholakwacho nthawi yomweyo. Koma `archive_command` ikangobweza 0, nambala yosonyeza kuti zatheka, PostgreSQL imakhulupirira kuti fayilo yasungidwa ndipo ili ndi ufulu woichotsa. Anthu ambiri amaika `cp` pamenepa. `cp` sichita fsync, imabweza 0 deta ikadali mu memory. Makina osungira akagwa nthawi imeneyo, fayilo imasowa mbali zonse ziwiri. Lamulo losasamala lingathenso kulemba pamwamba pa fayilo yomwe ilipo kale, zimene zimachitika maseva awiri akamatumiza ku foda imodzi. N'chifukwa chake sindilimbikitsa aliyense kulemba sikiriputi yakeyake pamene pgBackRest, Barman ndi WAL-G zilipo ndipo zinakumana kale ndi mavuto amenewa.

Kumbukiraninso kuti `archive_command` imatumiza fayilo yodzaza yokha. Database ya ntchito yochepa ingatenge maola kuti idzaze 16 MB, ndipo disiki ikafa, maola onsewo ali mu fayilo imene sinachoke pa seva. `archive_timeout` imakakamiza kutseka fayilo pakapita nthawi imene mwaika, ndipo `pg_receivewal` imalandira WAL pamene ikulembedwa osadikira kuti fayilo idzaze. Chimodzimodzi replica wamba imalandira zosintha commit itayankhidwa kale, choncho mukaikweza kukhala seva yaikulu, zomalizira zingatsale pa makina akufa. Kuti zisatero pamafunika `synchronous_standby_names`, ndipo mtengo wake ndi wakuti commit iliyonse imadikira netiweki, komanso replica yokhayo ikafa kulemba kumaima. Ofuna njira imeneyi akhale ndi ma replica osachepera awiri.

Kubwezeretsa kumawerenga mafayilo motsatizana ndipo sikulumpha. Pakasowa imodzi pakati, kumathera pomwepo, ngakhale mutakhala ndi masauzande ena kutsogolo kwake, ndipo mpata umenewo sutsekeka mpaka mutatenga backup ina yathunthu. Kuwerenga mayina a mafayilo m'malo osungira sikukuuzani ngati m'kati mwake muli zolondola. Njira imene ndimaidalira ndi kukhala ndi makina apadera amene, pa nthawi yoikika, amatenga backup yaposachedwa, kuthirapo WAL yonse mpaka kumapeto, kudzutsa database, n'kufunsa nthawi ya mzere womaliza mu tebulo limene limalembedwa pafupipafupi. Ngati nthawiyo yatsalira kuposa mmene mwini deta anavomerera, uthenga upite kwa munthu. Chenjezo likhalenso la mbali inayo, loti lilire pamene mayesowo sanatumize yankho lililonse, chifukwa ku GitLab mauthenga onena kuti backup yalephera ankatumizidwa ndithu pa imelo, koma ankakanidwa panjira osafika kwa aliyense.